Injini Yodikira Nasir

Senga Bay, 18 Febuluwale 2024

Kwa mwana wanga Nasir, ku Turkey,

Asalamu aleikumu. Ndine bambo ako, Mustafa. Cholembera wagwira ndi mlongo wako Hajara, koma mawu ndi anga, ndipo akamaliza andiwerengera kuti asathiremo mchere wake. Ajambula pepalali pa foni yake n'kukutumizira. Zoyankhula pa kagalasi ine ayi. Mawu a pa foni amapita ndi mphepo, a papepala amakhala mboni.

Kaya wadzuka bwanji kumeneko? Ndamva kuti kukuzizira mpaka madzi kuuma gwa ngati mwala. Uzivala. Kuno tili bwino, Alhamdulillah, kupatula bondo langa lija. Mkulu wako Salimu, mkazi wake Zuleka ndi ana awo awiri akupereka moni.

Nkhani ndi iyi. Injini ya boti yafa. Inayamba kutsokomola mwezi watha, ndiye Lachiwiri Salimu wakoka chingwe mpaka phewa kutupa, yangoti zii.

Samueli, makaniko wa kumsika uja, anabwera ndi thumba lake la masipanala asanaitanidwe, ngati khwangwala pa thandala la usipa. Ndinamubweza anthu akuona. Ndinati, "Samueli, injini iyi ili ndi dokotala wake. Mwana wanga anakwera ndege kukaphunzira zamainjini, iwe unaphunzirira pansi pa mtengo wa mango." Abdallah, wa maboti atatu uja, anaseka mpaka kapu kugwa, ati, "Che Mustafa, usipa sudikira digiri!" Ndinamuuza kuti mano amenewo awasunge, adzawafuna tsiku limene injini yanga idzadutse maboti ake onse atatu.

Ndiye ndalankhula pagulu, ndipo ine sindimeza malovu amene ndalavula. Injini ndaikweza m'chipinda changa, ndaifunditsa lona. Palibe aigwire kufikira iwe utabwera. Dzina la maphunziro akowo lilime langa linalikana, koma ndikudziwa kuti muli makina, ndipo injini ndi makina.

Pakadali pano Salimu ndi anyamata ake apalasa ndi nkhafi. Akudandaula, koma ine ndinapalasa nyanja iyi zaka makumi anayi injini ndisanaione, ndipo nonse ndinakulerani ndi mikono yomweyi.

Undiuze tsiku lobwera. Ramadani ili pafupi, usamadye masana poti uli kutali ndi maso anga.

Ndine bambo ako,
Mustafa
(chala changa ndi ichi)


Konya, Turkey, 10 Malichi 2024

Okondedwa ababa,

Wa aleikumu salamu. Ndasangalala kuona chala chanu papepala. Ine ndili bwino, kuzizira kwayamba kuchepa. Bondolo muzilipaka mankhwala aja, musamangoti lipola lokha. Moni kwa achimwene a Salimu, alamu anga, ana ndi achemwali a Hajara.

Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Maphunziro kuno alibe chisoni. Aphunzitsi amathamanga m'chiyankhulo chawo, ine ndimamva mochedwa ngati bingu la kutsidya. Wolephera kawiri amamulanda thandizo la fizi n'kumukweza ndege, ndiye ndikulimbikira kuti ndisakuchititseni manyazi.

Dzina la maphunziro anga ndi mekatironikisi. Timaphatikiza zitsulo, magetsi ndi kompyuta kuti makina aziona, azimva ndi kugwira ntchito okha. Tinapita ku fakitale ina kumene mikono yachitsulo imalongedza mabisiketi popanda munthu woigwira. Ine ndi anzanga atatu, wa ku Sudan ndi awiri akonkuno, tikupanga kamakina koyenda pansi pa madzi. N'kofanana ndi chigubu cha mafuta ophikira, kali ndi nyali ndi kamera. Timakatsitsa pa chingwe, ife n'kumaona zapansi pa kompyuta. Sabata yatha kanatola kiyi amene tinaponya m'madzi. Ndinakumbuka inu, ababa. Anzanga nyanja amangoimva, ine ndinabadwira pamchenga.

Za injini ndamva. Mwina a Samueli angoiyang'anako pang'ono poti ine ndili kutali, ine ndikadzabwera ndidzaionanso bwino. Tchuthi chachikulu ndi cha Julayi, koma tikiti ndi yodula, komanso amatitumiza kukaphunzira ntchito ku mafakitale. Tiona, Inshaallah.

Ndine mwana wanu,
Nasir


Senga Bay, 14 Epulo 2024

Nasir,

Asalamu aleikumu. Idi tadya bwino, ngakhale mpunga unali wopanda nyama. Kaya iwe unadya ndi yani.

Kalata yako Hajara wandiwerengera kawiri. Wati Julayi, Inshaallah. Ndauza anthu kumzikiti kuti Julayi ukubwera.

Koma mawu awiri sanandikomere. Oyamba ndi a Samueli. Iwe wa ku yunivesite ukunditumiza kwa munthu wopukuta manja pa buluku? Kodi ulemu wakuchulukira kapena ukundiyesa? Achiwiri ndi a chidole chako chotola makiyi. Ndinagulitsa ukonde wanga wa chambo kuti upeze pasipoti ndi jekete, ndiye iwe ukukasewera m'madzi ngati mwana wa zaka zisanu? Kiyi akagwera m'madzi munthu amathyola loko. Siya zidole, gwira injini.

Tsono tamva zimene wachita mkulu wako. Lachisanu ndili kumzikiti, analowetsa Samueli m'chipinda changa ngati mbala. Ndinawapeza lona ali pansi. Samueli, thukuta kamukamu, ati, "Pepani bambo, sindinamasule kanthu. Koma vuto lili m'kachitsulo aka, kabuleta, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya." Ndinati zikomo, tuluka.

Usiku wonse ndinaganiza. Ngati matenda ali m'kachitsulo kokwana m'manja, wodwala angathe kupita kwa dokotala. Ndakamasula ndekha, ndakakulunga m'chitenje cha malemu mayi ako, ndakapereka kwa Mayi Maggie a sitolo ya masuti ku Salima, amene amakaoda katundu wawo komweko ku Turkey. Akakupatsa ukakonze ndi makina a kusukulu kwanu, udzabwere nako Julayi. Tsopano ndione amene alowetsenso Samueli.

Salimu akuti akufuna akakwere boti la Abdallah mpaka iwe utabwera. Ndakana. Mwana wa Mustafa sakhala waganyu pa boti la munthu amene anandiseka. Boti tili nalo, ukonde tili nawo, nkhafi zilipo.

Ndine bambo ako,
Mustafa

Achimwene, ndine Hajara, izi ndawonjezera ndekha ababa atapita kukatawaza, kusamba kwa swala. Chonde auzeni ababa mosazungulira ngati injiniyi mungaithe kapena ayi. Inu mukalemba "mwina" iwo amamva "inde". Pakhomo pano anthu sakuyankhulana.


Senga Bay, 19 Meyi 2024

Bwana Injiniya,

Ndine Salimu. Usaseke zilembo zanga, paja ine ndinalekezera Sitandade 6 kuti iwe upitirire. Uli bwanji? Wanenepa? Ana akufunsa ngati azungu akumeneko amadya usipa.

Ine sindili bwino, mphwanga. M'manja mwanga matuza aphulika, atulukanso ena pamwamba pake. Usipa chaka chino wathawira kutali, kuseri kwa chilumba cha Namalenje. Anzathu a injini amanyamuka ife titapalasa kale theka la njira, amatidutsa akutiimbira mluzu, pobwerera amatidutsanso. Tikamafika pagombe amayi ogula amakhala atamanga kale madengu. Anyamata anga anali asanu ndi atatu, atsala atatu. Enawo ali kwa Abdallah, ndipo sindiwada.

Kachitsulo kako kaja sikananyamuke n'komwe. Mayi Maggie akuti kubanki kulibe madola, ulendo aimika. Ndinapita kukakapempha, ati, "Che Mustafa anandilumbiritsa, ndikakupatsa iwe ndiwayang'ana bwanji?" Kali m'sitolo mwawo pansi pa masuti, kakudikira ndege ngati bwana.

Samueli ali ndi kabuleta wina wakale wokwana pa injini yathu. Akuti ntchito yake ndi yosafika ndi pa swala ya masana. Ndinawauza ababa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukaika chitsulo cha Samueli pa injini yanga, usadzanyamule nawo jeneza la maliro anga." Ukuwadziwa. Ine ndine bambo wa ana awiri, ndevu zayamba imvi, koma pamaso pawo ndine wokoka chingwe basi. Wanzeru ndiwe.

Ndiye tamvera. Mwera wayamba. Sabata yatha unatipeza pakati, tinakapa madzi ndi zidebe mpaka mikono kufa. Mwezi wamawa ukhala woposa apa, iwenso ukudziwa, sunabadwire ku Turkey. Wa injini akaona mtambo amathawa. Wa nkhafi amangopemphera.

Sindikupempha ndalama. Lemba mzere umodzi wokha: "Ababa, mupatseni Samueli injini." Usaikemo mwina, usaikemo Inshaallah. Akamva kuchokera kwa iwe agonja, chifukwa adzauza anthu kuti injiniya walamula. Mzere umodzi, Nasir. Mabuku onse amene wawerengawo, umodzi ukukanika?

Ukadzabwera undigulire jekete ngati yako ija ya pa chithunzi. Panyanja m'mamawa kukuzizira.

Mkulu wako,
Salimu


Konya, Turkey, 21 Juni 2024

Okondedwa ababa,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira Idi ya nsembe mwadya bwino. Pepani kwambiri chifukwa cha chete wanga. Tinali m'mayeso, ndipo phunziro lina la masamu a kayendetsedwe ka makina linatsala pang'ono kundigwetsa. Ndakhoza onse, Alhamdulillah. Kamakina kathu kapatsidwa malikisi abwino.

Kalata ya achimwene a Salimu ndinaiwerenga tsiku lomwe inafika. Ndinayamba kuyankha kangapo n'kumafufuta, poopa kukukhumudwitsani. Lero ndinena mosazungulira.

Ababa, mupatseni Samueli injini.

Ine injini ya boti sindinaitsegulepo chibadwire. Kuno sitiphunzira zimenezo. Zanga ndi mawaya, timagetsi ndi kulemba malamulo pa kompyuta. A Samueli atsegula mainjini mazana. Muwauze anthu kuti ndalamula ndine, aike kabuleta wawo uja lero lomwe. Julayi sindibwera, anditumiza ku fakitale ya mapampu mpaka Seputembala.

Achimwene a Salimu, mzere wanu ndi umenewo. Jekete ndagula kale, yabuluu.

Achemwali a Hajara, foni yanu yatani? Ndaimba dzulo ndi lero, sikulowa.

Ndine mwana wanu,
Nasir


Senga Bay, 27 Juni 2024

Nasir,

Asalamu aleikumu. Khala pansi.

Salimu sanabwere.

Lachitatu la sabata yatha, pa 19, analowa panyanja ndi anyamata ake atatu. Kunali bata. Mbandakucha mwera unadzuka, wa mtundu uja umazula madenga. Maboti a injini onse anathawa n'kufika. Lathu linali kuseri kwa Namalenje. Anyamata akuti anapalasa mpaka nkhafi imodzi kuthyoka, madzi anadzaza, boti linagudubuzika. Anagwira m'mbali mwake onse anayi. Kutayera, Abdallah anatulutsa boti lake lalikulu kukawafuna. Anapeza atatu. Akuti Salimu anali atamangirira wamng'ono wa onse ku boti ndi malaya ake, kenako funde linamuchotsa Salimuyo, anamuona akumira, sanatulukenso.

Tafuna masiku onsewa. Tayenda gombe lonse mpaka kumathiriro a Linthipe. Takoka makoka. Nyanja yangobweza nsapato yake imodzi.

Anthu akulankhula. Ndikadutsa amatsitsa mawu. Alankhule. Tsiku la munthu analemba ndi Mulungu, injini siwonjezera ngakhale mpweya umodzi.

Tsono Shehe anabwera ndi akuluakulu a mzikiti. Akuti poti anthu atatu anaona ndi maso, tiswalire swala ya maliro popanda thupi, kuti Zuleka ayambe eda yake ya umasiye. Ndakana. Mwana wanga si mphaka woti angosowa anthu n'kupukuta m'manja. Ndimusambitsa ndekha, ndimuveka sanda, ndimugoneka pafupi ndi mayi ake nkhope kuloza ku Kibula, kumene timayang'ana poswali. Ndawauza kuti palibe aswalire kufikira Nasir atabwera.

Unandilembera za kamakina kako kokhala ndi nyali ndi diso, koyenda pansi pa madzi. Unati kanatola kiyi. Salimu ndi wamkulu kuposa kiyi. Bwera nako. Uwauze aphunzitsi ako kuti Mustafa wa ku Senga Bay akupempha, ndipo Mustafa sanapemphepo kanthu kwa munthu. Tikiti ndigulitsa boti, alikokera kumtunda, silinasweke. Malo ake anyamata akuwadziwa.

Fulumira. Madzi akuzizira.

Ndine bambo ako,
Mustafa

Achimwene, ndine Hajara. Foni yanga inagwera m'madzi tsiku lija pamene ndinkagwira alamu kuti asadziponye m'nyanja. Ino ndabwereka kwa akazi a Che Abdallah, ndaikamo simu yanga, ababa sakudziwa. Kalata yanu ya pa 21 ndaiona lero. Sindinawawerengere, ndipo sindidzawawerengera. Alamu angokhala pakhonde, sali pa ukwati, sali pa umasiye. Akazi obwera kudzalira sakudziwa ngati alire mokweza. Mwana wamng'ono akumapita kugombe ndi mbale kukadikira usipa wa bambo ake. Lembani zoona, achimwene. Ulendo uno wokha.


Konya, Turkey, 6 Julayi 2024

Ababa,

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera.

Sindidziwa poyambira. Kuno anzanga a kumzikiti wa pasukulu anakhala nane, tinawapempherera achimwene. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaonapo nkhope.

Ndinapita kwa aphunzitsi anga monga munanenera. Anandimvera mpaka kumapeto, anandigwira paphewa. Koma ababa, mverani bwino, ndipo achemwali awerenge mawu onse osadumpha.

Kamakina kaja sikangawapeze achimwene. Sikanalowepo m'nyanja. Timakayesera m'thanki ya simenti ya pasukulu, madzi oyera ngati a m'kapu, kuya kwake ngati anthu awiri ataimirirana pamapewa. Kiyi uja tinaponya tokha, tikumuona. Chingwe chake n'chachifupi. Kakapitirira pamenepo madzi amakaphwanya, magetsi n'kuzima. Ndiponso si kanga, n'ka sukulu. Ngakhale nditakaba n'kubwera nako mawa, kuseri kwa Namalenje sikangafike ndi theka lomwe.

Musagulitse boti. Ndilo lidyetse ana a achimwene.

Ndikukupemphani, ababa, aloleni a Shehe aswalire. Musadikire ine. Alamu ayambe eda yawo, ana adziwe kuti bambo awo apita. Mulungu amadziwa pamene pali achimwene, safuna nyali yanga.

Mayi Maggie anafika ku Istanbul sabata ino, anatumiza phukusi lanu pa basi. Ndalandira dzulo. Chitenje cha amayi chikununkha petulo ndi usipa. Ndinamasula kachitsulo kaja ndi mnzanga wa ku Sudan. M'kabowo kake kakang'ono munali mchenga, wosadzaza ndi chikhadabo chomwe. Tinaupemerera ndi mpweya, unachoka. Kali bwino tsopano. Kali patebulo langa pafupi ndi jekete ya achimwene, ndipo sindikudziwa kuti ndizitani nazo.

Ndine mwana wanu,
Nasir


Senga Bay, 21 Julayi 2024

Nasir,

Asalamu aleikumu. Tilipo.

Kalata yako Hajara wawerenga yonse. Anafuna kulira pakati, ndinamuuza kuti amalize kaye.

Swala aswalira Lachisanu lapitalo. Sindinalole ine. Alongo ake a Zuleka anabwera kuchokera ku Khombedza, anayi, anakhala pakhonde langa osavula nsapato. Wamkulu wawo ati, "Che Mustafa, injini ndi yanu, muifunditse mpaka idzaole. Koma mlongo wathu si injini." Anapita okha kwa Shehe. Mzikiti unadzaza, akutero. Zuleka wayamba eda, ikatha amutenga pamodzi ndi ana. Abdallah anaima mzere woyamba. Samueli, Mkhristu uja, anakhala panja pa mpanda mpaka kutha.

Ine kunalibe. Anthu akuswalira, ndinatenga bwato la mnansi, chingwe cha makoka ndi mwala wa pamphero ya mayi ako. Ndinatenga ndi mnyamata uja amene Salimu anamumangirira ku boti, kuti akandilozere malo. Ndapalasa ndekha, bondo lomweli, mikono yomweyi. Anthu amati ndakalamba. Ndinafika.

Pamalopo madzi ndi akuda bii. Ndinamuitana mkulu wako katatu, monga ndinkachitira ali mwana akachedwa kosambira. Kenako ndinatsitsa mwala. Chingwe chinapita, chinapita, mpaka ndinayamba kuopa kuti chithera m'manja. Mwala unagunda pansi. Ndinamanga mfundo pamene madzi analekezera. Pokoka ndinayeza ndi mikono yanga yotambasula: mikwamba makumi atatu ndi inayi.

Wati kamakina kako kamafika anthu awiri oimirirana. Ndamva. Sindikukalipira. Mwana sabadwa ndi mano. Zikungotanthauza kuti sunamalize kuphunzira. Zaka zatsala ziwiri, unatero pochoka. Ndiye usabwere Seputembala, usabwere chaka chamawa. Khala komweko, udye mabuku amenewo mpaka kamakinako kakule. Mafupa sathawa. Ine ndidikira, kudikira ndimakutha.

Kachitsulo kaja usatumize, palibe woti akoke chingwe. Jekete uvale iwe.

Manambala a papepala ine sindiwakhulupirira, Hajara akhoza kuphonya, aphunzitsi ako akhoza kumva zina. Ndiye chingwe chija ndachiyanika, ndachikulunga bwino ndi mfundo yake. Mayi Maggie akuti apitanso Novembala akapeza madola. Akakupatsa, ukachitambasule pabwalo la sukulu yanu pamaso pa aphunzitsi ako, uwauze kuti muyezo ndi umenewu. Asachepetse ngakhale chikhato chimodzi.

Sanda ndagula kale, yoyera bwino, ya msinkhu wake. Ndaipinda, ili m'chipinda changa pamwamba pa injini, pansi pa lona. Palibe aigwire kufikira iwe utabwera.

Ndine bambo ako,
Mustafa
(chala changa ndi ichi)